Mapu a Kampani ndi Munthu Wowasunga

Usiku uno ndifuna kukamba nanu za nchito ina imene dzina lace silimveka kawiri-kawiri pakati pathu, ngakhale tidya zipatso zace tsiku ndi tsiku. Pa Cingerezi nchitoyi aicha enterprise architecture, ndipo munthu woigwira amucha enterprise architect. M'cinenero cathu mulibe liu limodzi lomasulira mau amenewa, koma tikati ndi nchito yolemba ndi kusunga mapu a kampani yonse, sitinapite kutali ndi tanthauzo lace. Pamene mulandira malipiro anu ku banki, kapena pamene mutumiza ndalama pa foni kwa amai kumudzi, mulikudalira mapu otere, ndi munthu amene anawalemba bwino kapena moipa.

Tiyambe ndi cinthu cimene tonse ticidziwa. Munthu akafuna nyumba ya njerwa sayamba ndi kuumba njerwa ai. Ayamba wakhala pansi ndi mkazi wace, nawerenga ana, naganizira alendo, nayang'ana m'thumba. Atatero apita kwa wolemba pulani namuuza zofuna zace. Wolemba pulani atenga mau a mwini nyumba nawasandutsa mizere pa pepala. Pepalalo lipita kwa kapitao, ndipo kapitao agawira nchito womanga, wopala matabwa, wa mipope ndi wa magetsi. Nyumba ndi imodzi, koma aliyense aiona mwa njira yace: mwini aona pogona ana, kapitao aona matumba a simenti, wa mipope aona poyenda madzi. Pepala la pulani ndilo liwagwirizanitsa onsewa. Likasowa, wa mipope adzafika nyumba itatha, nayamba kugumula khoma limene mnzace wamanga dzulo.

Kampani yaikulu nayo iri ndi mamangidwe ace, ngakhale saoneka ndi maso. Koma pali kusiyana kumodzi. Nyumba imangidwa eni ace asanalowemo. Kampani imangidwa anthu ali momwemo, alikugulitsa, alikulemba, alikulipira, ndipo singatsekedwe caka cathunthu kuti amisiri akonze. Motero ikula monga ukulira mudzi wopanda mfumu yogawa malo. Ofesi ya malipiro igula kompyuta ndi pulogramu yace. Patapita zaka ziwiri a ku nyumba ya katundu agula yao kwa wogulitsa wina. Osunga ndalama naonso afuna yao. Aliyense wacita mwanzeru pa mbali yace, koma makinawo samvana. Dzina la wogula mmodzi lilembedwa pa malo asanu, ndi keyala yosiyana pa malo alionse, ndipo mkulu wa kampani akafunsa funso lapafupi lakuti, "Kodi ogula athu alipo angati?" alandira mayankho asanu. Tsiku limene akulu adzafuna kusintha kanthu kamodzi, adzapeza kuti palibe ndi mmodzi yemwe wodziwa cimene cidzagwa akagwedeza mzati umenewo.

Bvuto limeneli linakula pamodzi ndi makompyuta, ndipo mmodzi wa oyamba kulilongosola bwino ndiye John Zachman wa ku America, amene anali pa nchito ku kampani ya IBM. M'caka ca 1987 iye analemba m'magazini ya kampaniyo kuti omanga makina osunga zidziwitso aphunzire kwa omanga nyumba ndi kwa opanga ndege. Anaonetsa kuti cinthu cacikulu ciriconse cikhala ndi zithunzi zingapo, cina ca mwini, cina ca wolemba pulani, cina ca womanga, ndi kuti pa cithunzi ciriconse payenera kufunsidwa mafunso amodzi-modzi. Poyamba mafunsowo anali atatu: ciani, bwanji, ndi kuti. M'caka ca 1992, pamodzi ndi mnzace John Sowa, anaonjezapo atatu ena: ndani, liti, ndi cifukwa ninji. Mafunso asanu ndi limodzi amenewa awadziwa ngakhale mwana wa sukulu. Cobvuta ndico kupeza kampani imene ingawayankhe onse pa nchito zace zonse.

Ena anatsata m'mapazi mwace. M'caka ca 1995 munatuluka malangizo ochedwa TOGAF, amene asungidwa ndi bungwe la The Open Group, ndipo m'caka ca 1996 boma la America linaika lamulo lakuti nthambi zace zikulu-zikulu zikhale ndi mkulu woyang'anira makina a zidziwitso pamodzi ndi mapu ace. Malangizo a TOGAF agawa mapu a kampani m'magawo anai. Gawo loyamba ndi la malonda eni ace: kampani icita ciani, icitira yani, ndipo nchito iyenda bwanji kucokera pa tebulo lina kunka pa lina. Laciwiri ndi la zidziwitso: maina, ziwerengero, ngongole, ndi kumene ciriconse ca izi cisungidwa. Lacitatu ndi la mapulogramu amene awerengera ndi kuyendetsa zidziwitsozo. Lacinai ndi la zitsulo: makompyuta, mawaya, ndi nyumba zosungiramo makina. Zindikirani dongosolo lace. Zitsulo, zimene ambiri a ife tithamangira kugula poyamba, ziri pothera.

Apa ndipo pali mutu wa nkhani yathu. Kampani iriyonse iri ndi ulendo wace: kumene ifuna kufika m'zaka zisanu, ogula amene ifuna kukopa, ndi cimene idzapambana naco anzace. Mapu ayenera kubadwa kucokera ku ulendo umenewo. M'caka ca 2006 anthu atatu ophunzira za malonda, Jeanne Ross, Peter Weill ndi David Robertson, analemba buku lophunzitsa kuti akulu a kampani ayambe ayankha mafunso awiri asanagule makina. Loyamba: kodi nthambi zathu ziyenera kugwira nchito mofanana kufikira pati? Laciwiri: kodi ziyenera kugawana zidziwitso kufikira pati? Banki imene ilonjeza kuti munthu woika ndalama ku Chipata angathe kuzitapa ku Livingstone mawa lace iyenera kukhala ndi buku limodzi la nthambi zonse. Koma kampani imene iri ndi munda, hotela ndi mabasi ingataye cuma cabe pofuna kukankhira zitatuzi m'makina amodzi, pakuti wokwera basi alibe kanthu ndi ng'ombe za kumunda. Mafunso awa si a amisiri a makompyuta ai. Ndi a eni kampani. Eni akalephera kuwayankha, amisiri adzawayankha okha mosadziwa, aliyense pa tebulo lace.

Komatu mau sayenda njira imodzi yokha. Ulendo ubala mapu, ndipo mapu nao abwezera mau kwa eni ulendo: apa pali mtsinje, apa palibe mlatho, mtunda uwu sitingaudutse pa miyezi isanu ndi umodzi. Akulu amene amva mbali yoyamba yokha afanana ndi munthu wouza anyamata ace tsiku lofika asanafunse kutalika kwa njira.

Tsono tione anthu ace. Pamwamba pali bungwe la akulu oyang'anira kampani pamodzi ndi mkulu woiyendetsa. Awa ndiwo asankha ulendo. Pansi pao pali mkulu wa za makompyuta, amene asunga thumba la ndalama za makina nalamulira amisiri. Pali olemba pulani ya nchito imodzi-imodzi, onga wolemba pulani ya nyumba imodzi m'mzinda. Pali olemba mapulogramu, pali owayesa, ndipo pali iwo amene acezera usiku kuti makina asazime. Wosunga mapu a kampani yonse aima pakati pa onsewa. Kawiri-kawiri alibe gulu lalikulu la anthu omumvera. Nchito yace ifanana ndi ya nkhoswe, amene adziwa mau a mabanja onse awiri nawanenera zoona onsewo. Kwa akulu alankhula za ndalama, za nthawi ndi za zoopsa. Kwa amisiri alankhula za zidziwitso ndi mawaya. Asunga mapu a lero, mapu a kumene kampani ifuna kufika, ndi njira ya pakati pa awiriwa. Aikanso malamulo owerengeka, monga lakuti dzina la wogula lisungidwe pa malo amodzi okha, ena onse adzatenge pomwepo.

Kuti muone kulemera kwa zimenezi, ndikusimbireni zimene zinacitika ku banki ina ya ku Britain yochedwa TSB. Banki imeneyi inapatulidwa ku banki yaikulu ya Lloyds m'caka ca 2013, koma inapitirira kugwiritsa nchito makompyuta a Lloyds, nilipira ndalama zambiri caka ndi caka, monga munthu amene wacoka pa khomo la atate wace koma alikuphikabe m'khichini mwao. M'caka ca 2015 banki ya ku Spain yochedwa Sabadell inagula TSB pa mtengo wa £1.7 biliyoni. Ulendo wa eni atsopanowo unali womveka ndi wanzeru: kucotsa TSB pa makina a Lloyds, kuiika pa makina ao-ao, ndi kupulumutsa ndalama za lendi. Makina atsopanowo, ochedwa Proteo4UK, anamangidwa ndi Sabis, kampani ya makompyuta ya Sabadell yomweyo, ndipo Sabis nayo inadalira makampani ena oposa 70.

Poyamba anafuna kusamuka mu November 2017, koma nchito inali isanathe, ndipo tsiku linasunthidwa. Potsiriza anasankha kusamutsa pafupi-fupi zonse nthawi imodzi, kuyambira Lacisanu madzulo pa 20 April 2018 kufikira Lamulungu pa 22 April. Anthu osunga ndalama ku bankiyo anali 5.2 miliyoni. Ziwerengero za ndalama zao zinasamuka bwino, koma makina otumikira anthu anagwa pomwepo. Anthu ofika 1.9 miliyoni anabvutika kulowa m'mabuku ao pa intaneti ndi pa foni. Ena polowa anaona ndalama za anthu ena osawadziwa. Nthambi zonse za bankiyo zinasokonezeka, ndipo oimba foni anadikira nthawi yaitali osayankhidwa. Mbala nazo zinaona mpata, ndipo anthu ngati 1,300 anaberedwa ndalama. Taganizani za munthu wa kasitolo kakang'ono amene alephera kulipira anchito ace pa kutha kwa mwezi, kapena banja limene liyenera kulipira nyumba tsiku lomwelo. Madandaulo anapitirira 200,000, ndipo zinthu sizinabwerere m'malo mwace kufikira December caka comweco.

Mtengo wace unali wowawa. Banki inataya £330 miliyoni. Mkulu woiyendetsa, Paul Pester, anaitanidwa kawiri kukayankha pamaso pa komiti ya Nyumba ya Malamulo, ndipo mu September 2018 anatula pansi udindo. Mu December 2022 mabungwe awiri oyang'anira mabanki ku Britain analipiritsa TSB £48.65 miliyoni. Mu April 2023 munthu amene anali mkulu wa za makompyuta pa nthawiyo, Carlos Abarca, analipiritsidwa iye mwini £81,620, cifukwa sanaonetsetse mokwanira kuti Sabis ndi makampani oithandiza anali okonzeka.

Nanga cinalakwika nciani? Banki inapempha a zamalamulo a Slaughter and May kuti afufuze, ndipo lipoti lao linatuluka mu November 2019. Akulu a TSB sanabvomereze zonse za m'lipotilo, koma pamodzi ndi zimene anapeza oyang'anira mabanki, litiphunzitsa zinthu zitatu.

Coyamba ndi ca tsiku. Ofufuza anapeza kuti tsiku lomaliza linaikidwa poyamba, ndipo nchito inapanikizidwa kuti ikwane m'tsikulo, m'malo moyamba kuyesa kukula kwa nchito ndi kupeza tsiku pambuyo pace. Ulendo unalankhula, koma mapu sanapatsidwe mpata wakuyankha. Makolo athu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Kudekha kumene kunafunika apa sikunali ulesi, koma kufunsa amisiri moona mtima kuti nchito yotere itenga miyezi ingati, ndi kulandira yankho lao ngakhale liri losakondweretsa.

Caciwiri ndi ca mapu osiyana ndi nthaka. Makina atsopanowo anaikidwa m'nyumba ziwiri, kuti zigwire nchito pamodzi ndi kuti ina ikafooka inzace isenze katundu. Pa pepala nyumba ziwirizi zinali zofanana ngati mapasa. Koma amisiri anazichera mosiyana pang'ono, ndipo mayeso akulu oona ngati makina angapirire khamu la anthu anacitikira m'nyumba imodzi yokha. Cotero kusiyanako kunabisala kufikira tsiku limene anthu eni-eni anafika. Cikome-kome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Mapu amene salinganizidwa ndi zimene ziripodi ndi oopsa koposa kusowa mapu, cifukwa wopanda mapu ayenda mocenjera, koma wa mapu onama athamanga.

Cacitatu ndi ca njira ya mau oipa. Lipoti linanena kuti pa tsiku losamuka panali zilema pafupi-fupi 2,000 zosakonzedwa, koma bungwe la akulu linauzidwa za 800 zokha. Ndiponso nkhani yakuti mayeso acitikira m'nyumba imodzi sinafike bwino pamaso pao. Akuluwo naonso sanafunse mafunso okhwima amene anayenera kufunsa, makamaka pokhala kuti womanga anali wa pa banja lomwelo. Safunsa anadya phula. Ndipo pano pali phunziro lina lobisika: kampani ingapereke nchito kwa wina, koma mlandu singaupereke. Wosunga ndalama sadziwa Sabis, sadziwa makampani 70 aja. Adziwa dzina lolembedwa pa citseko ca banki yace.

Mwina wina anganene kuti mankhwala ace ndi kulemba anthu ambiri a mapu ndi kuwapatsa mphamvu zambiri. Iai, pali dzenje kumbali imeneyonso. Alipo osunga mapu amene akhala m'cipinda capamwamba zaka ziwiri alikulemba mabuku onenepa amene palibe awerenga, ndipo pamene amaliza, kampani yasintha kale. Alipo ena amene asanduka alonda a pa cipata, okaniza ciriconse catsopano kufikira amisiri ayamba kuwazembera. Nzeru zayekha anabviika nsima m'madzi. Wosunga mapu wabwino atsika nakhala pakati pa olemba mapulogramu, apita ku nthambi nakaona m'mene kalaliki atumikira anthu, asunga malamulo ocepa koma olimba, ndipo ali ndi khomo lotseguka kwa akulu tsiku limene ayenera kunena kuti, "Sitinakonzeke." Kampani imene ilanga munthu wonena mau amenewa idzawamva pambuyo pace kucokera kwa ogula, ndipo pamenepo mtengo wace udzakhala utakwera.

Tsono inu amene mulikumva mungafunse kuti, kodi ife tiri nazo ciani nkhani za mabanki a kutsidya kwa nyanja? Tiri nazo kanthu ndithu, pakuti malipiro athu, misonkho yathu ndi ndalama za sukulu za ana athu ziyenda m'makina otere masiku ano. Ndiponso nzeruyi siifuna kampani ya mamiliyoni. Inu a komiti ya bungwe la alimi, inu aphunzitsi akulu, inu eni masitolo awiri kapena atatu, munthu akabwera kudzakugulitsani pulogramu yonyezimira, musayambe ndi kufunsa mtengo. Yambani mwakhala pansi ndi pepala, nimulembe nchito zimene mucita, maina ndi ziwerengero zimene musunga, kumene ciriconse cikhala, ndi munthu amene aciyang'anira. Mufunse ngati cinthu catsopanoco cidzamvana ndi zimene muli nazo kale, ndi ngati mudzatha kutenga zolembedwa zanu tsiku limene mudzafuna kusiyana ndi wogulitsayo. Ndipo posamuka, musatenthe buku lakale musanaone kuti latsopano ligwira nchito pa tsiku la khamu, monga pa kutha kwa mwezi kapena pa nyengo yogula cimanga.

Kwa inu anyamata ndi atsikana amene mulikuphunzira za makompyuta ndiri ndi mau awa. Kulemba mapulogramu ndi luso labwino, ndipo palibe angasunge mapu a kampani asanadetse manja ace pa nchito yeni-yeni. Koma musaime pamenepo. Phunzirani kuwerenga mabuku a ndalama. Phunzirani m'mene katundu ayendera kucokera kwa mlimi kufikira kwa wogula. Phunzirani kulongosola cinthu cobvuta m'mau amene agogo anu angamve, ndi kuuza munthu wamkulu mau osakondweretsa mwaulemu koma mosabisa. Amisiri odziwa makina alipo ambiri, ndipo akulu odziwa malonda aliponso. Osowa ndiwo aja angathe kukhala pakati pao namvedwa ndi onse awiri.

Ndipo kwa inu akulu a makampani ndi a maofesi, mau otsiriza ndi awa. Mutu umodzi susenza denga. Ulendo ndi wanu, ndipo palibe mmisiri angakusankhireni. Koma musanalengeze tsiku lofika, itanani wosunga mapu, mumufunse za mitsinje iri kutsogolo, ndipo mumulole amalize kuyankha.